Foni Imene Lambe Anasiya M'jekete

Kuseri kwa phiri lina la nsungwi zambiri kunali midzi imene inatalikirana kwambiri ndi chipatala. Ana inu, ndikati kutali musaganize za mtunda wa kusukulu kwanu. Wodwala akanyamulidwa pa machira dzuwa likutuluka, ankafika kuchipatalako mithunzi itatembenuka, ndipo ena sankafika n'komwe.

M'mudzi umodzi mwa midziyi munkakhala mayi Nankhoma, amene anagwira ntchito ya makompyuta mumzinda mpaka imvi zinamera. Atapuma pantchito anabwerera kwawo, koma sanafune kuti nzeru zawo zikathere kumanda. Anagwirizana ndi anyamata a njinga zamoto a m'deralo kuti azinyamula odwala mosinthana. Kenaka anaika kompyuta m'chipinda chakumapeto kwa nyumba yawo, naiyatsa ndi magetsi a sola, naiphunzitsa ntchito yolandira anthu. Kompyuta yogwira ntchito yotereyi amaitcha seva. Munthu akakhala pamavuto ankangodina pafoni yake, foniyo n'kulumikizana ndi seva, seva n'kumufunsa kuti, "Muli kuti? Chavuta n'chiyani?" Akayankha, iyo inkapeza wanjinga amene ali pafupi n'kumutuma pomwepo.

Zinthu zinayenda bwino kwambiri moti anthu anasiya kusunga manambala a anyamata a njinga aja. Ankati, "Tivutikirenji? Makina a mayi Nankhoma alipo."

Seva imeneyi inali ngati nyumba ya khomo limodzi. Inkalandira munthu mmodzi, kuthana naye, kenaka n'kulandira wina. Palibe amene ankadandaula, chifukwa aliyense ankatenga kanthawi kochepa, ndiponso inali ndi lamulo lakuti munthu akachedwa kuyankha izimudula. Koma tsiku lina mkulu wina wa maso ofooka, a Chimbalanga, anafika pakhomo pa mayi Nankhoma atafufuma ndi mkwiyo.

"Mayi, makina anuwa anakulira kuti?" anatero mkuluyo. "Ine ndikufunafuna magalasi kuti ndione zilembo, iwo andidula pakamwa! Kodi mlendo akafika pakhomo panu mumamutsekera chitseko asanakhale pansi?"

Mawu amenewa anawalasa mayi Nankhoma, pakuti anali munthu wolemekeza akuluakulu. Tsiku lomwelo anachotsa lamulo lija. Kuyambira pamenepo seva inkadikira munthu aliyense mpaka atamaliza yekha, kaya atenge nthawi yotani. Anthu anayamikira kuti makinawo tsopano aphunzira khalidwe.

Mayi Nankhoma anali ndi mwana wamkazi, Esinati, amene anakwatiwa ndi mnyamata wofatsa dzina lake Lambe. Monga mwa mwambo wa kumeneko, Lambe anadzamanga nyumba kwawo kwa mkazi wake, ndipo anali ndi khanda lotchedwa Zione. Nayenso Lambe ankadziwa za makompyuta. Ntchito yake inali yoyesa maseva a makampani a m'tauni, ndipo ankaigwirira pakhomo pomwepo. Ankadzisandutsa mlendo wovuta. Nthawi zina ankagogoda kwa seva n'kukhala chete, nthawi zina ankayankhula theka n'kusiya, pofuna kuona ngati seva ingathe kulandira ena pamene mmodzi waima pakhomo. Akapeza chilema ankawauza eni ake, iwo n'kukonza.

Koma pamaso pa apongozi ake Lambe anali munthu wina. Mukudziwa kuti mkamwini ndi apongozi ake aakazi amachitirana manyazi, sadyera pamodzi ndipo sayang'anana m'maso. Akamwini ena a masiku ano amakhala nawo pakhonde n'kumacheza, koma Lambe anaugwira mwambowu ndi manja awiri. Akangomva kutsokomola kwa mayi Nankhoma, ankapezeka ali kuseri kwa nkhokwe. Nawonso mayiwo akamuona akubwera m'njira ankapatukira m'chimanga.

Tsiku lina Esinati anapeza mwamuna wake atakhala pamphasa, mafoni awiri ali m'manja.

"Bambo a Zione, mwayamba kugulitsa mayunitsi kodi?" anafunsa akuseka.

"Takhalani pansi muone, amake Zione," anatero Lambe. "Foni iyi ndailumikiza ndi seva ya amayi, koma sindiyankha kanthu. Inu dinani pa inayi ngati munthu wofuna njinga."

Esinati anadina. Pagalasi la foni panatuluka mawu akuti Dikirani.

"Ndadikira. Kenaka?"

"Dikiranibe."

"Mpaka liti?"

"Mpaka ine nditazimitsa yangayi. Ndikapanda kuzimitsa, mudikira mpaka mawa. Mpaka Zione adzakwatiwe."

Lambe anazimitsa msangamsanga foni yake, ndipo ya Esinati inayankhidwa nthawi yomweyo. Kuseka konse kunamuthera Esinati.

"Mukutanthauza kuti foni imodzi ingatsekere midzi yonseyi?"

"Imodzi yokha. Mwana akaseweretsa foni ya amake, kapena agogo akadina n'kuiponya m'thumba, basi khomo latsekeka. Tangokhala ndi mwayi kuti sizinachitikebe."

"Iii! Ndiye mukukhaliranji pansi? Kawauzeni amayi."

Lambe anamuyang'ana ngati wamuuza kuti akagwire moto ndi manja. "Ine? Ndikaime pamaso pa apongozi n'kunena kuti ntchito yawo ili ndi chilema? Ndikudya chimanga cha m'munda mwawo. Ndamanga pamalo pawo."

"Komatu ndiyo ntchito yanu. Mabwana a m'tauni mumawauza."

"Mabwana a m'tauni sindinakwatire ana awo. Pitani ndinu, chonde. Mukanene kuti munthu mmodzi wosayankhula akhoza kuimitsa makina onse."

Esinati anapita. Anapeza amayi ake akupeta mpunga pakhonde, nkhope ili yowala, chifukwa anali atangochokera kumsonkhano kumene amayi a m'midzi yonse anawavinira powathokoza. Mawu amene ananyamula anamulemera pakamwa. Anawatembenuza uku ndi uku mpaka anatsala opanda minga.

"Amayi, akamwini anu amayang'ana makina anu aja. Akuti ndi oleza mtima kwambiri, sathamangitsa munthu."

"Aa, atero?" anatero mayi Nankhoma akumwetulira. "Munthu wa maso ameneyo. Ukawathokoze. Tenga mazira awa ukawakazingire."

Lambe ataona mazirawo anadziwa kuti uthenga wake wafera m'njira. Sanamukalipire mkazi wake, pakuti iye mwini anali atalephera kale. Anayesa kudzilimbitsa mtima. M'mawa wina anayenda mpaka pakhomo pa apongozi ake, nagwada patali, nati, "Odi!"

"Eee, ndani?" anayankha mayi Nankhoma ali m'nyumba.

"Ndine... ndine bambo a Zione."

Kenaka mawu anatuluka kuseri kwa chitseko. "Kwagwanji, bambo?"

Lambe anayang'ana pansi nati, "Ndimati... ndimati mundibwereke khasu."

Anabwerera ndi khasu, pamene m'nyumba mwake munali makasu ake omwe.

Pamenepo m'pamene anaganiza nzeru imene inaoneka yabwino m'maso mwake. Anadziwa kuti m'mawa uliwonse mayi Nankhoma akatha kusesa ankakhala pamaso pa kompyuta yawo kuona mmene yagonera. Anati mumtima mwake, "Pakamwa pandikanika, koma maso awo aona okha. Ndilumikiza foni yosayankhula ija iwo akamalowa m'chipindamo. Aona makina ataima, azindikira vuto, akonza. Ine ndikhala ndili kutali, kuti asachite manyazi pamaso panga. Ndi kanthawi kochepa chabe."

Sanauze munthu aliyense, ngakhale Esinati.

Tsikulo linafika. Lambe anali atapangana ndi mlamu wake Yotamu, mchimwene wa Esinati, kuti akadule nsungwi kuphiri zolukira nkhokwe ya apongozi. Atamva tsache la mayi Nankhoma lasiya kulira pabwalo, analumikiza foni ija ndi seva, naichotsa mawu, naiika m'thumba la jekete lopachika kuseri kwa chitseko. Anatenga chikwanje nanyamuka.

Asanatuluke m'mudzi, anaona munthu akupatukira m'chimanga patsogolo pawo. Anali mayi Nankhoma, atavala zoyera za kumpingo, kachikwama kali kukhwapa. Lambe anadzifunsa mumtima. Ngati apongozi akuchoka, ndani aone kompyuta? Anaima.

"Bwanji alamu, miyendo yafa?" anatero Yotamu. "Mwangoona mpango wa apongozi basi mwayamba kunjenjemera ngati mwanapiye wonyowa! Tiyeni, sakulumani."

"Kodi... amayi akupita kutali?"

"Afunseni nokha, si awo ali apowa? Amayi! Mkamwini wanu akufuna akuperekezeni!"

"Aa, alamu, chonde!" anatero Lambe akubisa nkhope, nayamba kuyenda mofulumira. Yotamu anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Lambe akanatha kubwerera. Nyumba yake inali ikuonekabe. Koma kubwerera kunali kudutsanso pamene panabisala apongozi, ndiponso kuyankha mafunso a Yotamu. Anadzinyenga kuti mwina mayiwo akungokasiya kanthu kwa anzawo. Sanadziwe kuti anaitanidwa mwadzidzidzi kukapepesa maliro kumudzi wina ndi amayi anzawo a mpingo, ndipo m'chipinda cha kompyuta sanalowemo n'komwe.

Kuphiri anadula nsungwi dzuwa likukwera. Lambe ankagwira ntchito mwaphuma, mtima uli kumudzi. Atawerama kuti akoke nsungwi imene inagwera pachulu, udzu unagwedezeka, ndipo chinthu chachitali chotuwa chinadzuka n'kumumenya pamkono kawiri.

"Mayo! Njoka! Mbobo!" anakuwa Lambe.

Yotamu anataya chikwanje. Anamukokera patali, namukhazika pansi, natulutsa foni. "Musagwedezeke, alamu, musagwedezeke. Njinga ifika pompano. Kuchipatala mankhwala a njoka alipo."

Anadina. Pagalasi panatuluka mawu akuti Dikirani.

Anadinanso. Dikirani.

"Zatani izi? Sizinachitepo chonchi!"

"Alamu," anatero Lambe motsitsa mawu. "Musavutike. Siyankha."

"Mukudziwa bwanji?"

"Ndatseka ndine."

Lambe anamufotokozera zonse mwachidule, za foni, za jekete, za uthenga umene unabwerera ndi mazira. Thukuta linali likutsika pankhope pake.

"Inu alamu! Inu! Nkhani imeneyi munalephera kundiuza ine, amene timanyozana tsiku lililonse? Ndikanapita ndine kukawauza amayi ndikutafuna chimanga!"

"Imbirani amake Zione. Akazimitse."

Yotamu anaimba, koma foni ya Esinati inangolira m'nyumba, mwini wake ali kumjigo ndi mwana kumsana. Anaimbira amayi ake, koma iwo anali atazimitsa yawo polowa pasiwa. Anafufuza nambala ya wanjinga aliyense m'foni mwake, osaipeza. Anabereka mlamu wake kumsana nayamba kutsika phiri, akuimbira aliyense amene anamukumbukira. Pomaliza anapeza mayi wina woyandikana nawo nyumba, amene anathamangira kumjigo akukuwa.

Esinati anasiya ndowa ikusefukira. Analowa m'nyumba, nagwetsa jekete lija, napeza foni ikuwala mwakachetechete m'thumba. Anaizimitsa.

Nthawi yomweyo seva inatsegula khomo. Ndipo apa panaoneka chinthu china choopsa: Lambe sanali yekha pamzere. Patsogolo pake panali banja la kumudzi wa kutsidya, limene linakhala likudina kuyambira m'mawa chifukwa mayi wina woyembekezera anali atavutika pobereka. Seva inatuma wanjinga wapafupi kwa mayiyo, pakuti ndiye anayamba kugogoda. Wa Lambe anachokera kutali.

Pamene njingayo inkafika m'munsi mwa phiri, zikope za Lambe zinali zitalemera ndipo mawu ankatuluka movutikira. Yotamu anamuuza zimene anamva kwa wanjingayo za mayi wa kutsidya uja. Lambe anatsegula maso mwamantha.

"Wafika... kuchipatala?"

"Akuti ali m'njira."

"Mukawauze amayi," anatero Lambe. "Mukawauze... bwinobwino. Osachotsako."

Anamukweza pakati, Yotamu atamugwira kumbuyo. Njinga inathamanga mmene ikanathera. Koma asanaone n'komwe denga la chipatala, Yotamu anamva thupi la mlamu wake likulefuka m'manja mwake. Mayi wa kutsidya uja anapulumuka pamodzi ndi mwana wake, ngakhale anamwino anati anafika moyo uli pakamwa. Lambe sanapulumuke.

Mudzi wonse unangoti kakasi. Anthu ankafunsana kuti, "Zatheka bwanji, makina alipo, njinga zilipo?" Mayi Nankhoma anabwera kuchokera kumaliro a eni n'kupeza maliro pakhomo pawo. Yotamu anawakhazika pansi nawauza zonse, osachotsako kanthu. Esinati anagwa pamapazi awo akulira.

"Amayi, anandituma. Ananena kuti munthu mmodzi wosayankhula akhoza kuimitsa makina onse. Ine ndinakuonani mukusangalala, ndinasintha mawu."

Kenaka mayi Nankhoma anafunsa kuti, "Khasu lija... tsiku lija anabwera kudzabwereka khasu?"



"Kukonza vuto limeneli sikutenga ngakhale nthawi yophikira nyemba," anatero mayiwo. "Mwana wa eni anagwada pakhomo panga atanyamula moyo wa midzi yonse, ine ndili kuseri kwa chitseko. Sindinatuluke. Sindinamufunse kachiwiri."

Pa tsiku loika maliro, mwambo utafika kumapeto, mayi Nankhoma anachita chinthu chimene anthu sanachionepo. Anadzuka pakati pa amayi, nayenda mpaka pabokosi la mkamwini wawo, naika dzanja pamenepo. Aka kanali koyamba kumuyandikira chotero. Anthu anasiya kuimba.

"Ndamva mukunena kuti njoka yatilanda mwana," anatero. "Njoka inaluma, inde. Koma mankhwala analipo, njinga inalipo, nthawi inalipo. Musainamizire njoka. Lambe amupha manyazi. Manyazi ake, manyazi a mkazi wake, ndi anga omwe, ine amene ndinkathawira m'chimanga ndikamuona."

Anthu anachoka kumanda, koma mawu aja anapita nawo m'midzi yawo.

Maliro atatha, mayi Nankhoma anakonza seva ija. Anaiphunzitsa kulandira anthu ambiri nthawi imodzi, kuti wochedwa azichedwa yekha popanda kutsekereza anzake, ndipo wokhala chete nthawi yaitali izimutsanzika mwaulemu. Analamulanso kuti manambala a anyamata a njinga alembedwe pakhoma la chigayo ndi pamjigo uliwonse. Ndipo akasintha kanthu pamakinawo, ankaitana anthu masana poyera, anyamata a njinga ali tcheru pomwepo. Ankati, "Inu dinani mukhale chete. Inu dinani muyankhe theka. Enanu dinani nonse pamodzi. Amene foni yake yanena kuti dikirani aimirire anene mokweza, kaya ndi mwana, kaya ndi mkamwini." Anthu ankayesa, ndipo zilema zina zing'onozing'ono zinapezeka n'kukonzedwa zisanapweteke munthu.

Kuchokera nthawi imeneyo, anthu a kumeneko akaona wina akumeza mawu oyenera kunenedwa amamuchenjeza kuti, "Manyazi anapha Lambe." Akuluakulu ena adzakuuzani kuti mwambiwu ndi wakale kuposa mafoni, ndipo Lambe wake anali wina. Musakangane nawo, chifukwa a Lambe akhala alipo ambiri. Ine ndakuuzani za amene tinamumva kwa aphunzitsi athu kusukulu yamadzulo, tsiku limene ankatiphunzitsa kuyesa maseva.

Tanthauzo lake ndi ili, ana anga. Ulemu ndi wabwino, ndipo ndikufuna mukule nawo. Koma ulemu ndi manyazi ndi zinthu ziwiri. Ulemu umakuuza kuti ugwade, utsitse mawu, usankhe nthawi yabwino, kenaka unene. Manyazi amakuuza kuti usanene n'komwe, ndipo amakutuma kukachita mobisa zimene zikanatheka poyera. Lambe anali ndi nzeru, anali ndi mtima wabwino, ndipo vuto analiona nthawi ikadalipo. Chimene chinamusowa ndi mawu ochepa onenedwa pakhomo pa munthu amene akanamumvera.

Choncho ukaona ngozi, nena. Ngati m'kalasi sunamve, kweza dzanja ngakhale anzako aseke. Ngati penapake m'thupi pakupweteka, usabise. Ndipo tsiku lina mudzakula n'kudziwa zinthu zimene ine bambo wanu sindizidziwa, pakuti ndi chimene ndimakutumizirani kusukulu. Mukadzaona kuti ndalakwitsa, musadzazungulire kuseri kwa nyumba. Mudzabwere mudzandiuze, ndipo ine ndidzatuluka panja kudzakumverani.